Anandipatsa Tsache

Zaka zimene matipate anangoyamba kumene, mawu akuti ufulu anali pakamwa pa aliyense ku Bangwe. Kondakitala akatipanikiza anthu asanu pampando wa atatu ankati ndi ufulu wake. Woledzera akakodza pampanda wako ankatinso ndi ufulu wake. Ine ufulu wanga anandiwerengera ndili pabenchi m'holo ya mpingo wathu, ndipo mpaka lero ndikaukumbukira mtima umandiwawa.

Amuna anga anali atamwalira chaka chapitacho. Anali mlonda pasitolo ina ku Limbe, ndipo anandisiyira ana awiri ndi nyumba ya lendi. Kwathu ndi kumunsi kwa Shire, kumene mwamuna akamwalira mkazi amayenera kupita kufa: achibale amapeza mwamuna wina woti agone naye, akuti kuti imfa ichoke pabanja. Ine ndinakana. Ndinali nditaona mmene amuna anga anathera pamphasa, mafupa okhaokha, ndipo mwamuna amene anandipezerayo anali atadutsa kale m'nyumba za maliro zambirimbiri. Kumpingo anandiyamikira. Mkulu wina anaimirira pagulu n'kunena kuti amayi ena atengere chitsanzo kwa ine.

Ndiye mpingo unatsegula sukulu ya mkombaphala, mothandizidwa ndi bungwe lina la m'tauni. Ankafuna amayi oti azisamalira ana ndi kuwaphikira phala. Ndinalembetsa tsiku loyamba lomwe. Ana ndinkawadziwa. Amayi ogulitsa pamsika anakhala akundisiyira awo kuyambira kalekale, ndipo pakhonde panga sipankasowa mamina ndi matewera. Ndinkafuna ntchito, inde, koma ndinkafunanso kukhala pakati pa phokoso la ana, chifukwa m'nyumba mwanga munali mutazizira.

Mayi wina wa kubungweko anatisonkhanitsa tonse olembetsa n'kutifotokozera kuti palibe adzagwire mwana asanafufuzidwe mbiri yake. Anati ifeyo tinene zoona zokhazokha, tisabise ngati tinamangidwapo kapena tinavulazapo mwana, ndipo tikadzayamba ntchito tisadzakhale chete tikaona mwana akuzunzidwa. Kenako anakweza chala. Anati nafenso tili ndi ufulu: zimene anthu anene za ife tidzauzidwa, tidzapatsidwa mpata woyankha, ndipo sizidzatuluka kunja kwa komiti. Ndinaomba m'manja kuposa onse. Ndinalibe chobisa, ndiye ndikanaopa chiyani?

Mayiyo anakwera galimoto n'kubwerera m'tauni, kufufuzako n'kusiyira komiti ya mpingo. Iwo anafufuza mmene ankadziwira, ngati ankhoswe akamafunsa za mtsikana woti akwatiwe: khomo ndi khomo, kwa aneba, kwa eni nyumba, kenako kwa achibale. Aneba anga anandinenera zabwino. Koma komiti inati munthu samudziwa aneba okha, ndipo inapita pamsika kwa alamu anga, achemwali a malemu amuna anga, amene ankagulitsa milamba youma.

Zimene alamu ananena ndinazimva ndili pamzere wotunga madzi, komiti isanandiitane n'komwe. Mayi wina anandinong'oneza kuti nkhani yanga yadzaza msika wonse. Akuti ine ndine wotentha, imfa ikadali m'thupi mwanga, ndipo ndikathira mchere m'phala kapena kunyamula mwana wa eni, mwanayo adwala tsempho, atupa masaya ndi miyendo mpaka kufa. Chinsinsi cha komiti chija chinakhala maola ochepa chabe, chifukwa mkazi wa atcheya ankagulitsa tomato moyandikana ndi alamu.

Mayina a opambana atawerengedwa langa panalibe. Ndinavala chitenje changa chabwino n'kupita kwa atcheya a komiti, omwe anali mkulu yemwe uja anandiyamikira pagulu. Ndinawauza kuti ndabwera kudzatenga ufulu wanga woyankha. Anandiyang'ana ngati ndawapempha ng'ombe. Komabe anaitanitsa komiti, poopa kuti ndingakanene kubungwe.

Anandikhazika pabenchi, iwo pamipando.

"Mayi, musatimve molakwa," anatero atcheya. "Inuyo lipoti lanu ndi labwino kwambiri. Ifeyo monga akhristu za tsemphozi sitikhulupirira ayi."

"Ndiye vuto lili pati, bambo?"

"Ishu ndi makolo. Akamva kuti phala mukuphika ndinu, ana sabwera. Sukulu ikagwa, abungwe atifunsa ife."

"Ana amenewa adya phala langa pakhonde panga chaka chonsechi. Ndi uti watupa?"

Mlembi ankangosewera ndi bolopeni. Mayi wina wa m'komitimo, amene mwana wake ndinamulera kuyambira ali wakhanda, ankayang'ana kudenga ngati akuwerenga malata.

"Pajatu nthawi imeneyo anthu a kumsika sankadziwa," anatero atcheya pomaliza. "Pano adziwa."

"Wawauza ndani?"

"Mayi, tisakumbe zimenezo. Tiyeni tione zotheka."

Zotheka zake zinali tsache. Anati ndizisesa pabwalo ndi kutsuka zimbudzi, koma ndisayandikire mphika ndipo ndisagwire mwana aliyense. Anandiuza kuti ndivomere pamaso pa onse, kuti mawa pasadzakhale kukangana. Mayi woyang'ana kudenga uja anawonjezera motsitsa mawu kuti ngati ndingapite kumudzi kukakonza zinthu mwakachetechete, komiti ikhoza kuganizanso. Anthu a Mulungu amenewo! Ndinapsa mtima kwambiri, koma ana anga ankafunika kudya, ndipo wopempha sakuza mawu. Ndinavomera.

Ufulu woyankha ndiye anandipatsa, sindinganame. Ndinayankha, iwo anamva, ndipo palibe chinasintha.

Ndinasesa miyezi ingapo. Ana ena anali omwe aja a pakhonde panga, ndipo ankandithamangira m'mawa uliwonse akuitana kuti amayi, amayi. Ndinaphunzira kuika tsache patsogolo kuti asandifike. Ndinkawaseka, kuwauza kuti ndili ndi fumbi. Amayi awo anasiya kundisiyira ana kunyumba, ndipo tikakumana pamsewu ankapereka moni ali patali, mwana atamukokera kumbuyo. Chimene chinkandipweteka kwambiri chinali kuona phala likuphikidwa ndi mtsikana wina, mphwake wa atcheya, amene sankadziwa n'kupakula komwe. Ankapatsa ana phala lotentha, akalira n'kuwakalipira. Ndinakanena kukomiti, poti tinauzidwa kuti tisamakhale chete. Anandiyankha kuti za kukhitchini si mbali yanga.

Tsiku lina m'mawa, nthawi yopuma, kamnyamata ka zaka zitatu kanagwa pamwala pafupi ndi chimbudzi. Kanang'ambika pachipumi, magazi n'kutsikira m'maso. Aphunzitsi anali m'kati, akumwa tiyi. Kanadzuka kakulira, osaona bwino, n'kubwera kwa ine manja ali m'mwamba. Ndinaitana kawiri, palibe anatuluka. Ndinataya tsache. Ndinakanyamula, kukatsuka pampope, n'kutsinikiza balalo ndi nsonga ya chitenje changa mpaka magazi analeka. Kanagona paphewa panga kakusisima. Panali patapita nthawi yaitali ndisananyamule mwana wa munthu, ndipo ndinalira nako limodzi.

Mayi wake atabwera masana sanafunse za bala. Anafunsa amene anamunyamula. Atamva, anakuwa pabwalo ponse kuti ndamuphera mwana, n'kuthamanga naye kwa asing'anga kukamusambitsa mankhwala.

Mawa lake komiti inakumana mofulumira kuposa mmene inkachitira pa nkhani ina iliyonse. Atcheya anati ndaphwanya zimene ndinavomera ndekha pamaso pa mboni. Anandifunsa mwaulemu ngati ndili ndi choyankha, poti ndi ufulu wanga. Ndinati ndilibe. Ndinawasiyira tsache lawo pakhomo.

Masabata otsatirawo Bangwe yense wa mbali yathu ankadikira kuti mwana uja atupe. Alamu anga ankafunsa tsiku lililonse pamsika. Nanenso ndinkadikira, ngakhale sindinkakhulupirira, chifukwa bodza likanenedwa ndi anthu ambiri limakulowa m'mafupa. Ndikamva kulira kwa maliro ndinkatuluka kukafunsa kuti ndi kwa ndani.

Mwanayo sanatupe. Bala linapola, kunatsala kachipsera kakang'ono pamwamba pa diso. Ndinaganiza kuti wina abwera, kaya atcheya, kaya mayi wake, kaya mlembi yekha, kudzanena mawu amodzi. Ndinkasesa pakhomo panga m'mamawa, n'kuika mpando panja. Sanabwere aliyense. Pamsika anati mwanayo anapulumuka chifukwa asing'anga anali amphamvu.