Lamont Gaither ndi nyumba za amasiye

Lamont Gaither anabadwira ku Baltimore, mumsewu wa nyumba zanjerwa zogundana makoma, ndipo anakalambira momwemo osagwirapo ntchito yooneka. Kuyendetsa basi anamuchotsa chifukwa cha tulo. Kudoko anakhalako miyezi itatu, basi wayamba kudandaula msana. Luso lake linali kutchena suti ndi kulira pamaliro.

Anthu ogula nyumba zakale atayamba kuzungulira m'deralo, sanavutike kumupeza. Munthu akamwalira, Gaither ankafika woyamba atanyamula mbale ya nkhuku yokazinga, misozi ili mbwembwembwe. Sabata isanathe ankabwereranso kwa wamasiye, mapepala ali m'thumba la jekete.

"Mayi, chinyumba chonsechi nokhanokha? Masitepe awa ndi mawondo anuwo? Ndili ndi anzanga angakupumuzeni."

Ambiri anagulitsa motchipa n'kukathera m'tizipinda ta kutali. Iye n'kulandira yake kwa ogulawo, n'kugula chipewa chatsopano.

Wamasiye amene anamuyankha mosaopa ndi Mayi Odessa Pruitt, mnzawo wa malemu mayi ake.

"Lamont, maluwa sanafote pamanda a amuna anga, iwe wabwera kale kudzayeza zitseko?"

"Mayi Pruitt, ine ndikungothandiza."

"Ndinakusinthapo matewera ine. Unkanunkha, koma osati chonchi. Choka pakhomo panga!"

Anatsika masitepe akudzisekerera, n'kumakauza anthu kutchalitchi kuti mayiwo mutu wayamba kusokonekera.

Patatha zaka zisanu ndi zitatu msewu unali wina. Pometera tsitsi panasanduka pomwera khofi, agalu akuyenda atavala majuzi. Gaither ankawavulira chipewa eni nyumba atsopanowo, iwo n'kumangofulumiza mwendo. Tsiku lina masana atakhala pamasitepe a nyumba yake, panaima galimoto ya polisi. Mayi wina amene anali atangosamukira moyandikana naye anali ataimba foni kuti pali munthu wokayikitsa.

"Bambo, mumakhala kuti?"

"Pompano! Ndinabadwira m'chipinda chapamwambacho! Funsani aliyense."

Anayang'ana kumtunda, anayang'ana kumunsi. Panalibe womudziwa woti apolisiwo amufunse. Anatulutsa chiphaso, anthu akusuzumira m'mawindo.

Chaka chomwecho anagulitsa nyumbayo kwa anzake aja, omwe sanabwere n'komwe, anangomutumizira mapepala oti asaine. Pano amagona m'chipinda chapansi kwa mchemwali wake, kunja kwa mzinda. Alendo akabwera amawauza mopukusa mutu kuti dera lawo linali labwino, koma linaphedwa ndi anthu opanda chikondi amene anathamangira kugulitsa.