Sileti Imene Inandimangitsa

Anabwera m'mawa, mu February 1915, ndikupalira chimanga kumunsi kwa phiri la Chongoni. Asilikali awiri. Wamkuluyo anali atanyamula kale sileti yanga.

"Iwe, zolemba izi ndi zako?"

"Ndi zanga."

"Tsogola."

Masiku amenewo munthu wakuda wolemba zachilendo ankamuganizira kuti akupanga onga wa mfuti. Pasiletipo panali zizindikiro za mankhwala, NaCl ndi CaCl₂, basi. Anandiphunzitsa ndi apongozi anga aamuna, amene anagwira ntchito yosakaniza mankhwala kuchipatala cha mishoni. Iwo ankati chinthu chilichonse chili ndi manja ake: sodiyamu limodzi, kolorini limodzi, kashiamu awiri. Zikamagwirana, pasatsale dzanja lolendewera. N'chifukwa chake kashiamu mmodzi amafuna makolorini awiri.

Ku Boma mzungu anayankhula kudzera mwa womasulira.

"Wa Sitandade 3 sangalembe izi. Tchula amene anakulembera, ukagone kwanu lero."

Apongozi anali okalamba, odwala chifuwa. M'ndende sakanatha mwezi.

"Ndinalemba ndekha."

Anandigoneka chafufumimba. Zikoti ndinawerenga mpaka khumi ndi ziwiri, kenako ndinaleka kuwerenga.

Tsiku lachitatu mzunguyo anatsegula buku lake, n'kundiponyera choko.

"Aluminiyamu ndi okosijeni. Ukalephera, ndiye kuti wolembayo alipo, ndipo umutchula."

Zimenezi apongozi anali asanandionetse. Ndinafunsa kuti chilichonse chili ndi manja angati. Womasulira anaseka.

"Bwana, akuti chitsulo chili ndi manja!"

Mzungu sanaseke. Anati aluminiyamu ali ndi manja atatu, okosijeni awiri.

Ndinajambula timizere pansi. Aluminiyamu awiri, manja asanu ndi limodzi. Okosijeni atatu, manja asanu ndi limodzi. Palibe lotsala. Ndinalemba Al₂O₃.

Mzunguyo anayang'ana m'buku nthawi yaitali, n'kulitseka.

"Ndiwe wamwano."

Anandipatsa miyezi inayi yophwanya miyala. Mlandu wake sanaunene. Za dzina sanafunsenso.

Ndinatuluka mu June, chisanu chikuluma. Msilikali wapachipata anati monyoza, "Pita, aphunzitsi. Ukadzagwiranso choko tidzakutenga."

"Njira mukuidziwa," ndinatero.

Apongozi ndinawapeza akuwotha dzuwa pakhonde. Ndinakhala pansi chapatali, monga achitira mkamwini, ndi kuwapatsa moni. Za msana wanga sitinakambe. Anamwalira patapita zaka, pamphasa pawo, ana awo atawazungulira.

Ufulu umene ndikuudziwa ine ndi umenewo. Thupi analitenga miyezi inayi. Pakamwa panali panga, ndipo ndinatseka ndekha.