Malemu amuna anga ayamba kupempha ndalama pa foni

Inu bambo okonza mafoni pa Kamwendo, amene munalemba pakhoma kuti ndinu dokotala wa mafoni, mwandiukitsira mwamuna. Ndikuthokozeni?

Amuna anga tinawaika m'manda mwezi wa Febuluwale. Anandisiyira foni. M'fonimo muli akaunti yawo ya pa intaneti yomwe ankaikapo zithunzi: fodya wawo ali m'chigafa, ukwati wa mwana wathu, iwo atavala jekete lomwe silinkawakwana. Zithunzi zina ndilibe. Ndikawasowa ndimatsegula pomwepo.

Lachiwiri kunabwera uthenga wa Chingerezi. Ine sukulu ndinalekezera Sitandade 4, koma zilembo zofiira ndi nambala 24 ndinaziona. Lachitatu ndinakwera kabaza, ndinafika pa shopu yanu 9 koloko.

Munandisiya pa benchi mpaka 10:40, inu mukuonera mpira wa dzulo lake. Kenako munawerenga ndi diso limodzi. Munati akauntiyo itsekedwa pakatha maola 24 chifukwa wina wadandaula, pokhapokha titalowa pa linki yomwe atumizayo. Ndinafunsa kuti munthu ali m'manda walakwira ndani? Munaseka. Munati za intaneti si za azimayi a kumudzi, ndingopereka pasiwedi.

Ndinatulutsa kapepala komwe malemu ankasunga m'Baibulo. Munadina linki ija. Munalemba pasiwedi. Inafunsanso, munalembanso. Pa foni panabwera nambala ina, nayonso munaikopera pomwepo. Munati zatheka, ndilipire K3,000. Ndinalipira, ndinagwadanso n'kugwada.

Lachinayi malemu anayamba kulemba.

Analembera mlongo wawo kuti ali pa boda, katundu wagwidwa, awathandize msanga. Analembera anzawo a fodya. Analembera ngakhale mkulu wa mpingo amene anapemphera pa manda pawo! Mkuluyo akuti anaponya foni pa mphasa n'kutuluka panja opanda nsapato.

Lachisanu m'mawa alamu anga, mlongo wa malemu uja, anafika pakhomo ndi amuna awiri a kubanja. Moni panalibe. Akuti ine ndinasandutsa mchimwene wawo ndondocha, ndikumugwiritsa ntchito ku Zambia kuti azinditumizira ndalama.

Ndinati, "Alamu, munthu amene ndinalephera kumutuma ngakhale mchere ku golosale ali moyo, ndimutume atafa? Tawerengani bwino uthengawo. Akuti wokondedwa mlongo. Akuti chonde. Mchimwene wanuyo chonde anamunenapo liti?"

Mmodzi wa amuna aja anatembenuka kubisa kuseka. Koma alamu sanaseke. Anachoka akunena kuti nkhaniyi ipita kwa akuluakulu.

Amene anandipulumutsa ndi Mayi Mhango, aphunzitsi a pa sukulu yathu. Anangoyang'ana foniyo mphindi imodzi. Anandionetsa pamwamba pa tsamba lija, pomwe pamalembedwa adiresi. Mtundu ndi chizindikiro zinali zofanana ndi tsamba lenileni, koma adiresi inali ina, yaitali ngati mchira wa buluzi. Anati tsambalo ndi msampha, zonse zolembedwa pamenepo zimapita kwa wakuba. Anati eni ake enieni satumiza linki yofunsa pasiwedi. Wokuthamangitsa ndi maola ndiye kuti sakufuna uganize. Ndipo nambala yobwera pa foni ija ndi kiyi wa nyumba, supatsa munthu. Ukakayika, siya uthengawo, utsegule wekha pomwe umatsegulira masiku onse.

Aphunzitsi a Sitandade 3 akudziwa zimenezi. Nanga inu a dokotala, udokotalawo munaphunzira kuti? Pa benchi pomwepo?

Mwayi wake simukhadi ya malemu inali ikadali m'foni. Mayi Mhango analimbana nazo Loweruka masana onse mpaka akaunti inabwerera, tinasintha pasiwedi. Zithunzi za fodya zilipo. Jekete lilipo. Za ukwati wa mwana wathu wakubayo anafufuta, sindikudziwa kuti zinamulakwira chiyani. Pamenepo ndinalira, sindibisa.

Tikuwerenga mauthenga, tinapezanso kuti alamu anga omwe aja anali atatumiza kale K10,000 Lachinayi madzulo. Kutumizira munthu amene anamulira okha masiku atatu! Anawonjezeranso kuti agule chakudya.

Lolemba ndinabwerera kwa inu. Munati vuto ndi netiweki. Munatinso pasiwedi ndinapereka ndekha, simunandilande. Kenako munafunsa ngati ndikufuna kugula chaja.

Anzanga a ku Mchinji, uthenga ukabwera wothamangitsa, musadine. Pasiwedi musalembe pa tsamba lobwera ndi linki, ngakhale wokuuzaniyo ali ndi shopu yopenta bwino. Ndipo wachibale akakupemphani ndalama pa foni, muimbireni mumve mawu ake.

Tsono inu bambo, K3,000 ija idyani. Chomwe ndikufuna ndi dzina langa. Kumudzi ana akundithawa panjira, azimayi pa mjigo amakhala chete ndikafika. Lamlungu likubwerali mufike kwathu mapemphero akatha, muuze alamu anga ndi akuluakulu kuti chala chinadina linki ija ndi chanu. Mukapanda kubwera, tsiku la msika ndifika ndi amayi onse a mvano, tikhale pakhomo pa shopu yanu, tiyimbe nyimbo za maliro. Mavesi onse.