Masampulo a Lachiwiri

Inu amene mukuona ngati zaka zanu zathera pa ntchito imene simukuikondanso, tamvani za mayi wina.

Tsiku limene zotsatira za mayeso oyamba zinatuluka, iye anakhala pa masitepe a yunivesite, chikwama pamiyendo, misozi ili chuchuchu. Anapeza 31 pa 100. Anali ndi zaka 42, ndipo m'kalasi monse ndi iye yekha amene ankalemba pa kompyuta ndi zala ziwiri.

Kwa zaka khumi ndi zisanu anagwira ntchito mu labotale ya chipatala: kulandira magazi ndi makhololo, kumata mapepala pa timabotolo, kuika m'makina. Poyamba ankaikonda ntchitoyo koopsa. Koma mtima unachokamo pang'onopang'ono, moti m'mawa ankavala gawuni yoyera ija ngati akupita kumaliro. N'chifukwa chake analembetsa digiri yachiwiri ya bayoinfomatikisi, maphunziro owerenga DNA ya tizilombo pa kompyuta kuti udziwe chifukwa chimene matenda ena samvera mankhwala.

Pulofesa wake sanapite m'mbali. "Mayi, kwatsala kafukufuku wa pagulu. Mukalepheranso pamenepo, tisiyana."

Atafotokoza kunyumba, amuna ake anapukusa mutu. "Mukabwerera ku timabotolo tija ine ndisamuka. Nkhope imene munkabwera nayo ija, ngakhale wailesi inkasiya kuimba." Mayi uja anaseka ngakhale sanafune.

Anayamba kufika m'kalasi mlonda asanamalize kutsegula chitseko. Pulogalamu ya pa kompyuta ikakana, ankalemba cholakwikacho m'kope, monga amachitira anthu a mu labotale amene salola kanthu kudutsa osalembedwa: tsiku, ola, makina, ndi amene wagwira sampulo. Anzake anamupatsa dzina loti Mayi Kope. Patatha milungu isanu, pulogalamu yake yoyamba inayenda, zilembo za DNA n'kumatsika pa sikirini ngati mvula. Anaimirira n'kuvina pang'ono pakati pa mipando. Chimwemwe chotere anali atachiiwala kalekale.

Gulu lake linapatsidwa DNA ya masampulo 200 a chifuwa chachikulu. Mtsogoleri wa gululo, amene ankamutcha Liwiro chifukwa cha zala zake zothamanga pa kompyuta, anapeza kuti masampulo makumi anayi anali ofanana ndendende, koma osiyana ndi ena onse. Gulu lonse linalumpha. Mtundu watsopano wa kachilombo, wofala mobisa, ndipo aupeza ndi iwo.

Mayi Kope anasangalala nawo, koma chizolowezi sichinamulole kukhala. Anatsegula fayilo imene aliyense anaidumpha, ya mbiri ya masampulowo, n'kulemba kapulogalamu kowasanja potengera tsiku limene anayezedwa. Onse makumi anayi anayezedwa Lachiwiri limodzi, pa tebulo limodzi, ndi munthu mmodzi.

"Ana anga, tizilombo sitidziwa kalendala," anatero. "Lolemba lake linali holide. Ine ndikudziwa zimene zimachitika Lachiwiri lotere. Mabotolo aunjikana, munthu ali yekha akuthamanga, kadontho ka botolo limodzi kamafalikira m'mabotolo enawo. Awa si odwala makumi anayi. Ndi wodwala mmodzi."

Liwiro anagwira mutu. "Amayi, mukudziwa kuti tikachotsa amenewa tilibe chonena? Amene ali pamoto ndinu, osati ife."

Ankanena zoona, ndipo mayi uja anachita mantha. Komabe anayankha kuti, "Bola ndilephere kusiyana n'kuuza anthu makumi atatu ndi asanu ndi anayi kuti ali ndi kachilombo ka munthu wina."

Tsiku lofotokoza kafukufuku, Mayi Kope anaima kutsogolo n'kuonetsa tchati chake cha masiku. Pulofesa anavula magalasi.

"Ndani anaganiza zoyang'ana tsiku?"

Liwiro analoza ndi chala chake chothamanga chija. "Ndi Mayi Kope."

"Masampulo amenewa ndawapereka kwa magulu atatu m'mbuyomu," anatero Pulofesa, "ndipo onse anandibweretsera kachilombo katsopano. Mayi, kompyuta ndikhoza kuphunzitsa aliyense. Chimene mwabwera nachochi sindingaphunzitse munthu m'chaka chimodzi. Musachoke."

Mayi Kope anatsika masitepe aja awiriawiri, foni ili kukhutu. "Bambo, musasamuke. Ndakhoza!"

Lero anabwerera mu labotale, gawuni yake ndi yomwe ija, koma m'mawa amafika akuimba. Theka la tsiku ali pa timabotolo, theka pa kompyuta, ndipo kope lili pambali.

Tsono inu amene mukuti mwachedwa, amene mukuchita manyazi kukhala m'kalasi ndi ana a msinkhu wa ana anu: zaka zimene mukuti munataya zija muli nazo m'chikwama, ndipo tsiku lina zidzafunika. Pitani mukalembetse. Lembani ndi zala ziwiri zomwezo. Osataya mtima.