Ndinamuletsa Esinati Kuthira Mchere

Amene anayamba kundiuza za matenda a Limbani ndi mkazi wake, Esinati. Anafika kwathu ku Mbedza m'mawa wina m'nyengo yachisanu chaka chatha, khanda lawo Tadala lili kumsana, ndipo asanakhale n'komwe pamkeka anati, "Amayi, bambo a Tadala nsapato sizikuwalowa. Akagona chagada akumabanika."

Limbani ndi mwana wanga woyamba, ndipo zaka makumi atatu anali asanakwanitse. Ntchito yake inali yotsitsa matabwa panjinga kuchokera kuphiri la Zomba n'kumagulitsa m'tauni. Nditafika ku Likangala komwe amachita lendi, ndinapeza miyendo itatupa mpaka m'mawondo. Ndikadina ndi chala pankatsala kadzenje. Mutu akuti unayamba kumupweteka kalekale, koma ankangomwa panado n'kukwera phiri.

Apa ndiulule cholakwa changa. Alamu anga, achemwali a malemu bambo ake a Limbani, atamuona anandikokera kuseri kwa nyumba n'kundiuza kuti limeneli ndi tsempho. Kwathu amati mwamuna akatupa chonchi, ndiye kuti mkazi wake wathira mchere m'ndiwo pa nthawi yosayenera, kapena wayenda ndi mwamuna wina. Ine amene Lachinayi lililonse ndimavala zoyera kupita ku mapemphero a amayi, ndinakhulupirira. Ndinamuletsa Esinati kuyandikira mphika. Ndinayamba kuphika ndekha, matemba ndi masamba otendera, mchere ndikuthira wokwanira bwino kuti mwana wanga adye apeze mphamvu. Alamu anabweretsanso mitsitsi yoviika. Tinatero masabata awiri.

Esinati sanandiyankhe mwano ngakhale tsiku limodzi. M'mawa uliwonse ankangogwada n'kunena kuti, "Amayi, tiyeni nawo kuchipatala." Ine osamuyang'ana n'komwe. Achibale anali atagwirizana kale zomubweza kwawo ku Malosa.

Loweruka lina masana Limbani anagwa akuchokera kubafa, akupuma ngati wathamanga mtunda wautali. Esinati sanapemphenso chilolezo kwa wina aliyense. Anaitana wanjinga yamoto, anamukhazika mwamuna wake pakati, iye pambuyo atamugwira, ine ndikutsatira ndi khanda.

Kuchipatala namwino anamumanga lamba pamkono, anayang'ana makina, anamumanganso mkono winawo, kenako anaitana mnzake. Manambala ake sindinawasunge, koma nkhope zawo ndinaziona. "Mayi, masiku onsewa munali naye kuti?" anandifunsa.

Anamugoneka masiku asanu ndi anayi. Anamuika mpweya m'mphuno, n'kumamubaya mankhwala okodzetsa kuti madzi achoke m'thupi. Ife odikirira odwala tinkakhala panja kudikira nthawi yolowa, ndipo ndikamva kulira kuchokera kuwodi, ndinkadzambatuka. Kukhala pansi kunkandikanika. Ndinkangozungulira mpanda, pemphero lokhalokha loti Ambuye musandilange kudzera mwa mwanayu.

Atamujambula pachifuwa, adokotala anatiuza kuti ndi kuthamanga kwa magazi, kumene timati bipi. Anati anakhala nako nthawi yaitali osadziwa, mpaka mtima unakula n'kutopa, ndiye chifukwa chake madzi ankadzaza m'miyendo ndi m'mapapo. Ine ndinkayesa kuti bipi ndi ya madala onenepa oyenda pagalimoto, osati munthu wokankha matabwa. Ndinalimba mtima n'kufunsa za mchere wa mkazi wake. Adokotala sanandiseke. Anangoti, "Kaya athira ndi mkazi wake kaya inuyo, mchere ndi womwewo. Chepetsani kwambiri. Ndipo mitsitsiyo musiye."

Ndinakumbukira matemba anga aja. Tsiku lomwelo, kukhitchini ya odikirira odwala, pamaso pa amayi ena, ndinamugwira Esinati dzanja n'kumupepesa. Analira, koma mawu ake anali akuti, "Amayi, phala lija lapsa, tiyeni tikawapatse."

Lero Limbani ali kunyumba. Miyendo inaphwa ndipo nsapato akuvala. Kuphiri adokotala anamuletsa, pano amakhala pashedi kugulitsa matabwa amene anzake amatsitsa. Mapiritsi ndi a moyo wake wonse, ndipo mwezi uliwonse amalawirira kukaima pamzere ndi kabuku kake ka kuchipatala, mnyamata yekha pakati pa agogo. Masiku ena amanyinyirika kuti wachira, mankhwala watopa nawo, koma Esinati samuchoka pamaso mpaka ameze. Ine mtima sunakhazikikebe. Foni ikalira dzina lili la Limbani, ndimayamba ndapemphera kenako n'kuyankha.

Amayi anzanga, mwana akamadandaula mutu masiku ambiri, akatupa kapena kubanika, thamangirani naye kuchipatala musanafunefune wolakwa. Kuyezetsa bipi sikupweteka, ndipo musati poti ndi wachinyamata. Ndikuthokoza Mulungu ndi onse amene anamusamalira kuwodi kuja.

Mukamagwada, mutikumbukire ife a banja lino. Mutchule Limbani kuti mtima wake upirire mpaka aone Tadala atakula. Mutchulenso Esinati, amene lero ndi iye yekha ndimamukhulupirira ndi mchere wa mwana wanga.