Mayi Fuatino ndi Mapilitsi a M'buku la Nyimbo

Mpingo wathu kuno ku chilumba cha Savai'i wataya mayi Fuatino, amene anatsuka tizikho ta Mgonero wa Ambuye kwa zaka makumi anayi. Ine Sieni, amene ndikulemba, ndinali nawo m'komiti ya amayi, ndipo pali chaka china chimene sindinawalankhule. Ndikuyamba ndi zimenezi kuti wina asandiyese woyera.

Anabadwira m'banja la msodzi. Bambo awo anagwidwa ndi matenda aja otupitsa miyendo, obwera ndi udzudzu, mpaka mwendo wakumanzere unafanana ndi thunthu la mtengo wa kokonati. Atalephera kupita kunyanja, Fuatino ndiye ankawatsuka mwendowo m'mawa uliwonse ndi kuwagwira mkono popita kutchalitchi. Sukulu anailekera panjira chifukwa cha ntchitoyi, koma Baibulo ankaliwerenga bwino kuposa ena a ife a masatifiketi.

Anakwatiwa ndi bambo Sanele, nabereka ana asanu. Amuna awo atamwalira analera anawo poluka mikeka. Nthawi yomweyo madikoni anawapatsa makiyi a kabati ya tizikho, ndipo ntchito imeneyi ankaikonda kuposa china chilichonse. Ankatsuka kachikho kalikonse akutchula m'pemphero dzina la munthu amene adzamwemo.

Kenaka mayiko a zilumba anagwirizana zothetsa matenda aja. Munthu aliyense, wodwala ndi wosadwala yemwe, anayenera kumwa mapilitsi kamodzi pachaka kwa zaka zingapo. Ogawa ankaimika galimoto pamsewu, ife n'kundanda, kulandira ndi manja awiri, kuthokoza, iwo n'kulemba kuti tamwa. Koma ndani mwa ife amadya kapena kumwa ali chiimire pakati pa mudzi, pamaso pa alendo? Tinaleredwa bwino ife. Tinkapita nawo kunyumba kuti tikamwe titakhala pansi, koma kunyumbako kunali ana, nkhumba ndi mphekesera yoti mankhwalawo amazunguza mutu. Mapilitsiwo ankathera m'zitini za tiyi.

Patapita zaka zitatu kunabwera wofufuza wa ku Fiji, dokotala Mereoni, kudzayeza magazi a ana asukulu. Anapeza tizilombo mwa ana asanu ndi awiri. Pamsonkhano wa mudzi wonse anati zoterezi waziona pa zilumba zinanso: pepala likuti anthu amwa, magazi akukana, ndipo oyendetsa ntchitoyi ayamba kukayikira mankhwalawo, mwina aleka kuwagawa. Anatifunsa ngati tinamwadi. Akuluakulu anayankha mokoma kuti tonse tinamwa, abusa a Peniamina anavomereza ndi mutu, ife amayi tinangoyang'ana mikeka.

Mayi Fuatino anasendera kutsogolo chokhala, natsegula buku lawo la nyimbo. Munagwa timapaketi titatu tosatsegula.

"Pepani akuluakulu, ine ndine munthu wamba, koma awa ndi anga, sindinamwepo ndi limodzi lomwe," anatero. Ndiye anatembenukira kwa dokotala uja. "Mwana wanga, mankhwala ako alibe mlandu. Mumatipatsira pamsewu. Munthu n'kumeza ali chiimire ngati hatchi?"

Tinapsa mtima, tinati atiyalutsa pamaso pa mlendo. Madikoni anawalanda makiyi n'kundipatsa ine, ndipo ndinawalandira osachita manyazi. Ndinafika ponena pampopi kuti ukalamba wawalowa m'mutu. Iwo anasamukira pa benchi ya kumbuyo, ndipo sanaphonye Lamlungu ngakhale limodzi. Mwana wawo atawapempha kuti akapepese, anangoti pepala mukhoza kulinamiza, koma magazi ndi Mulungu ayi. Ndikudziwa kuti zinkawapweteka, chifukwa pa tsiku la Mgonero ankayang'anitsitsa kachikho kawo asanamwe.

Lamlungu lina abusa, ali pakati pa ulaliki wonena za umboni wonama, anapisa dzanja m'thumba la jekete yawo yoyera kufuna mpango. Pamodzi ndi mpangowo panatuluka kapaketi ka mapilitsi, n'kugwera pansi mpingo wonse ukuona. Palibe anaseka, popeza aliyense anali ndi kake kunyumba. Abusa anakatola, natsika paguwa, napita kumbuyo kuja, n'kukhala pansi pa simenti pafupi ndi mapazi a mayi Fuatino.

"Mayi, tichite bwanji?"

"Monga timachitira pa Mgonero, abusa. Tikhale pansi, aliyense agwire chake, tipemphere, timwe limodzi."

Chaka chimenecho ogawa atabwera anapeza mikeka yoyala, nthochi zophika ndi nsomba. Tinawakhazika pansi nawonso. Titadya, abusa anapemphera, mudzi wonse unameza nthawi imodzi, mayi Fuatino akuyang'ana masaya a anthu ena amene ankawadziwa bwino kuti asabise mapilitsi m'kamwa. Dokotala Mereoni anakafotokoza zimenezi kumsonkhano wa zilumba zonse, mankhwala sanaleke kubwera, ndipo tinamva kuti midzi ya kutali inatengera njira yathu. Ndikunena mosabisa kuti ndimanyada. Chimene chinasokoneza anthu a madigiri chinamasulidwa ndi mayi wa pa benchi ya kumbuyo.

Makiyi ndinakabweza ndekha, mawu opepesa nditawakonza bwinobwino. Sanandipatse mpata. "Mwachita bwino, a Sieni," anatero, "tizikho tanu timamveka sopo."

Anatumikira zaka zina khumi ndi ziwiri mpaka manja atayamba kunjenjemera. M'mawa wa tsiku lawo lomaliza abusa anabwera ndi Mgonero kunyumba, ndipo namwino wathu anabwera ndi kalata yonena za ana amene anayezedwa posachedwa. Mayi Fuatino anakana kulandira chilichonse chogona, anati tiwakhazike. Titawatsamiritsa pa mzati, anamwa m'kachikho, n'kufunsa kuti mwa anawo apezamo angati.

Namwino anati palibe ngakhale mmodzi.

Anaika dzanja pa mutu wa mdzukulu wawo. "Ndiye kuti uyu sadzatsuka mwendo wa munthu," anatero. Anapempha nyimbo, ndipo tisanamalize ndime yachiwiri anali atapuma. Buku lawo la nyimbo analisiyira mpingo. Pa masamba ena pakadali timaenje timene mapilitsi aja anasiya, ndipo tagwirizana kuti wina asawongole masambawo.