Penti pa chishango cha malemu bambo

Lachitatu ndinapita kwathu ku Tsangano kukatenga chishango cha malemu bambo. Loweruka tikuvundukula chiliza chawo, ndipo ine, monga mwana wawo woyamba, ndiyenera kutsogolera gule wa ngoma nditachinyamula.

Nditachitsitsa kudenga, mutu unaima. Chikopa chija, cha ng'ombe yakuda ya mawanga oyera, chinali chitapakidwa penti wofiira. Pakati panali chinyama, kaya mkango kaya galu wachiwewe.

Wojambulayo sanavute kupeza: Yamikani, mwana wa mlongo wanga, wa Sitandade 6.

"Atsibweni, chinalibetu chizindikiro," anatero osaphethira n'komwe. "M'buku muja wankhondo aliyense ali ndi chake. Ndimati anthu azidziwa kuti n'chathu."

Anandibweretsera bukulo, lobwereka kusukulu. Muli nthano za ankhondo akale a ku Ulaya, ovala zitsulo mpaka kumaso, okwera pa akavalo, ogwadira mfumu n'kulumbira kuti adzateteza amasiye. Mwanayu onsewo amawadziwa mayina, ndi akavalo awo omwe.

Ndinapsa mtima, ndisaname. Ndayesa sopo, ndayesa parafini, penti wakana. Ndikapitiriza kukhula, ubweya usosoka.

Koma ndikalipire ndani? Bukulo lilibe mlandu. Eni ake anakhala pansi n'kulembera ana awo. Nanga ife athuwa tinawalembera chiyani?

Zishango timazibisa kudenga m'masaka a feteleza, n'kumazitulutsa kukabwera alendo a magalimoto akuluakulu. Tivina, atijambula, tibwezera kudenga. Mwana akafunsa, yankho ndi lomwe lija: "Choka apo, n'za akuluakulu!" Timati safunsa anadya phula, koma wofunsayo ndife tomwe timamupirikitsa.

Palibe anamuuzapo Yamikani kuti mawanga aja ndiwo anali chizindikirocho. Bambo atabwerako kumigodi ya ku Joni anasankha okha ng'ombeyo, kuti akalowa m'bwalo azidziwika ali patali. Nkhani imeneyi siposa ya akavalo? Koma ili m'mitu mwa nkhalamba, ndipo nkhalambazo tikuziika m'manda mwezi ndi mwezi.

Loweruka ndivina nacho momwemo, poti china ndilibe. Azakhali ayamba kale kulira kuti tawachititsa manyazi achimwene awo.

Mukandiona m'bwalo, sekani ndithu. Koma mukafika kwanu mumufunse mwana wanu dzina limodzi lokha la amene anatsogolera makolo ake kudzafika kuno ku Ntcheu. Akangoti kukamwa yasa, museka ndani?